Abusa akanyamuka, makiyi amatsala ndi yani?

Kalata yosamutsa mbusa siitalika. Imatchula dzina lake, mpingo umene akuchoka, umene akupita ndi tsiku loti akhale atafika. Mlembi wa sesoni amaiwerenga pa nthawi ya zolengeza, pakati pa chilengezo cha ukwati ndi cha msonkhano wa amayi, ndipo satenga ngakhale mphindi ziwiri. Koma mphindi ziwirizo zimatha kudya mpingo chaka chathunthu. Ena amayamba kulira pomwepo. Ena amaweramitsa mutu kuti anzawo asaone kuti akumwetulira. Potuluka m'tchalitchi anthu amakhala ataima kale timagulu pansi pa mitengo ya mango, ndipo pofika madzulo nkhani imakhala ili padoko, m'kamwa mwa asodzi amene sanapite n'komwe kukapemphera.

Sabata ino tiyeni tipite ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay. Kumeneku Chikhristu chinafika zaka zoposa 140 zapitazo, ndipo derali laona abusa akuchoka m'njira zosiyanasiyana: wina kusamuka ndi ntchito, wina kuthamangitsidwa ndi boma, wina kutuluka yekha nkhosa zili pambuyo. Amene mpingo wanu walandira kalata chaka chino mukhoza kutolapo kanthu. Maganizo anga ndineneretu: tsiku lonyamuka mbusa silibweretsa vuto latsopano mumpingo. Limangovundukula mphika, aliyense n'kuona chimene chakhala chikuphikidwa zaka zonsezi.

Amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland anayamba ntchito ku Cape Maclear m'chaka cha 1875. Malungo atawalanda anzawo angapo, Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, pang'ono chabe kummwera kwa Chintheche. Ku Cape Maclear sanatsekeko. Ntchito ya kumeneko inadzakhala m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba amene mishoniyo inabatiza.

Bandawe anakhala likulu zaka 13. Kwa Atonga a nthawi imeneyo Laws anali zinthu zambiri pakamodzi: mbusa, dokotala, mwini sukulu, wolemba anthu ntchito, komanso munthu amene ankakwera mapiri kukakambirana ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa pa masiku amene anthu a kunyanja ankagona ndi mantha a nkhondo. Ndiye mu 1894 munthu wotereyu ananyamula likulu kupita nalo ku Khondowe, pamwamba pa phiri pamene pali Livingstonia lero. Mukanafunsa munthu wa ku Bandawe chaka chimenecho, mwina akanati basi mishoni yatha. Koma zaka zotsatirazo ndi zimene anthu anakhamukira ku makalasi a ubatizo kuposa kale lonse. Pamishoni panali mbusa A.G. MacAlpine, amene anadzamasulira Chipangano Chatsopano m'Chitonga, komatu mzungu mmodzi sakanatha kufika mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja. Ntchito inayenda ndi aphunzitsi a m'masukulu a m'midzi, anyamata Achitonga amene m'kati mwa sabata ankaphunzitsa ana kuwerenga, Lamulungu n'kuima kutsogolo kulalikira. Laws anachoka ntchito ili kale m'manja mwa anthu ambiri, n'chifukwa chake denga silinagwe.

Khamu lomwelo linabala vuto lina. Amishoni ankafuna munthu akhale zaka m'kalasi asanabatizidwe, ndipo sukulu zinayamba kulipiritsa. Anthu anatopa ndi kudikira. Mu 1908 kunatulukira Elliot Kenan Kamwana, mwana wa komweko amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, kenako n'kukakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town. Anabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower, ndipo m'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma la atsamunda linamugwira mu 1909 n'kumuchotsa m'dziko, ndipo linamulola kubwerera mu 1937. Zaka 28! Mwa anthu ake ena anabwerera ku mishoni, ena anapitiriza kusonkhana motsogozedwa ndi anzawo a m'mudzi. Atabwerera anayambitsa mpingo wake wa Watchman Healing Mission. Ena anamutsata, ena anatsala kumene anali, pakuti anali atazolowera kukhala popanda iye.

Nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi ya ku Sanga, kumpoto kwa Chintheche. Mu 1914 mishoni ya Livingstonia inadzoza abusa ake oyamba achikuda atatu: Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Apa n'kuti patatha zaka 39 chiyambire mishoni. Mwasi anali Mtonga, munthu wakuthwa mutu ndi pakamwa pomwe, ndipo anadikira zaka zambiri atamaliza maphunziro asanamusanjike manja. Mu 1918 anakhala munthu wakuda woyamba kukhala mkhalapakati wa presibitale ya Livingstonia. Analinso mmodzi mwa atsogoleri a West Nyasa Native Association, bungwe limene linkayankhulira anthu kwa boma la atsamunda. Mpingo wake unali wa Sanga.

Mu 1933 Mwasi anatuluka, ndipo sanatuluke mozemba. Analemba zifukwa zake mwatsatanetsatane, m'chikalata chimene patapita zaka zambiri a Kachere ku Zomba anachisindikiza ngati buku lotchedwa My Essential and Paramount Reasons for Working Independently. Dandaulo lake lalikulu linali lakuti mbusa wakuda, ngakhale atadzozedwa, ankaonedwabe ngati wothandizira mzungu, ndiponso kuti mpingo wa m'dziko muno sungakhwime ukamangolamulidwa ndi mishoni yakunja. Gawo lina la mpingo wa Sanga linapita naye n'kuyamba Blackman's Church, gawo lina linatsala. Mu 1935 anagwirizana ndi abusa ena awiri amene nawonso anali atasiyana ndi Livingstonia, Charles Chinula ndi Yafet Mkandawire, n'kupanga mpingo umodzi wa anthu akuda wodziimira paokha.

Pa mfundo yakeyo, ine ndimaona kuti Mwasi sanalakwe. Mu 1956 presibitale ya Livingstonia inasanduka sinodi, ndipo m'zaka zochepa zotsatira ulamuliro umene unali ndi amishoni unalowa m'manja mwa mpingo wa kuno. Zimene ankalirira zinachitika, kungoti iye anali atamwalira kale mu 1955.

Koma taganizirani za mayi wamba wa ku Sanga mu 1933, amene chikalata cha Chingerezi chija sakanatha n'kuchiwerenga komwe. Mbusa amene anamubatiza, amene anaika mwana wake m'manda, ali mbali iyi. Mpingo umene analowa ali mtsikana uli mbali iyo. Mlamu wake wasankha kuno, mchemwali wake wasankha uko, mwamuna woti akambirane naye ali ku migodi ku Joni. Mkanganowo unali wa akuluakulu, unafuka utsi zaka zambiri m'mabwalo a presibitale, koma pamene unayaka moto, wopsa anali iye. Mbusa akachoka ndi mkwiyo, mudziwe kuti mkwiyowo sunayambe dzulo. Alipo amene anaumva kale n'kuutsekera khutu.

Tibwere ku masiku athu. Mipingo imasiyana kachitidwe. Ku Sinodi ya Livingstonia, imene likulu lake lili ku Mzuzu ndipo Bandawe ali m'manja mwake, mbusa amatumizidwa ndi sinodi. Ku Sinodi ya Nkhoma mwambo ndi wakuti mpingo umadziitanira mbusa, ndipo ukhoza kukhala miyezi ukuyang'aniridwa ndi mbusa wa mpingo woyandikana nawo. Kwa Akatolika ndi Aangilikani wosuntha ansembe ndi bishopu. M'mipingo yambiri yatsopano ya chipentekosite mbusa ndiye anayambitsa mpingo, ndiye sachoka pokhapokha atamwalira, atapita kunja kapena atayambana ndi wachiwiri wake. Njira iliyonse ili ndi minga yake. Otumiziridwa amalandira munthu amene sanamusankhe. Odziitanira amapeza kuti abusa ambiri amamva msanga kuitana kwa mpingo wa m'tauni kusiyana ndi wa kumudzi. Koma minga yolasa kwambiri ili kwa omalizawa, pamene zimadziwika mbusa atachoka kuti malo amene tchalitchi chinamangidwapo analembetsa m'dzina lake, pamodzi ndi zokuzira mawu zimene amayi anagula ndi ndalama za mandasi.

Dzina loti Presbyterian, limene lili mu CCAP, limachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mkulu. Ndiye kuti mpingo umenewu unakonzedwa kuti uziima pa akulu ampingo. Mbusa ndi mlendo, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mkulu wa mpingo anabadwira pomwepo, munda wake wa chinangwa uli pomwepo, manda a makolo ake ali pomwepo. Kumidzi mpingo umodzi umakhala ndi nyumba zopemphereramo zingapo, zina zotalikirana kwambiri, ndipo mbusa amafika pa iliyonse mwa apo ndi apo, makamaka pa mgonero ndi ubatizo. Masabata ena onsewo amalalikira ndi akulu ampingo. Odwala amayendera ndi iwo, maliro ambiri amaika ndi iwo. Kunena zoona, mipingo yathu ya kumudzi imadziwa kale kupemphera popanda mbusa. Nanga n'chifukwa chiyani ina imagwedezeka chonchi iye akachoka?

Chifukwa chake n'chakuti zinthu zimene zimayenera kukhala ku sesoni zimasamukira pang'onopang'ono kunyumba ya abusa. Sizisamuka ndi chiwembu ayi. Mbusa akakhala wakhama, wodziwa kulemba makalata, wodziwana ndi anthu, aliyense amapumula n'kumusiyira. Mlembi amasiya buku kumansi chifukwa kwawo kukudontha. Msungichuma amati abusa ndiwo amapita ku Mzuzu kawirikawiri, bola azikatengako simenti okha. Pakatha zaka zisanu, sesoni imangotsala ya milandu ya odulidwa, zina zonse zili m'mutu ndi m'foni ya munthu mmodzi.

Nkhani ya ndalama ndiyo imaonetsa bwino. Nkhata Bay ndi boma la anthu oyenda, kuyambira masiku a Mwasi mpaka lero. Ana a ku Chintheche, Kande ndi Tukombo ali mbwee ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo ambiri saiwala kwawo. Mpingo ukayamba kumanga tchalitchi chatsopano amasonkherana, n'kutumiza ndalama. Amatumiza kwa yani? Kwa amene amamukhulupirira, pa nambala ya foni ya abusa. Abusa amagula malata, amalipira amisiri, zonse mwachilungamo, koma lisiti palibe, kapena lili m'thumba la malaya amene anachapidwa. Kalata ija ikafika, khoma lili pa mawindo. Mbusa watsopano akafunsa buku la ntchito yomanga, msungichuma amangoti zinali kwa abusa. Pamenepo manong'onong'o amayamba. Mwina munthuyo sanadye ngakhale tambala imodzi, koma popeza palibe pepala, dzina lake laipa, ndipo ali kutali sangadziyankhire. Anyamata a ku Joni aja akamva fungo la nkhaniyo amasiya kutumiza. Ndi momwe makoma ena amamerera udzu. Mpingo umene umakonda mbusa wake uzimukaniza kugwira ndalama, chifukwa n'kumuteteza. Ndalama zizilowa ku akaunti ya mpingo imene amasainira anthu atatu, ndipo lipoti liziwerengedwa m'tchalitchi pagulu, ngakhale anthu ena aziyasamula.

Mabuku enanso ndi a ubatizo, a maukwati ndi a mayina a akhristu. Kunyanja kuno chinyezi ndi chiswe sizisankha pepala loyera. Buku likatayika pa nthawi yosamuka, wovutika ndi mtsikana amene akukwatiwa ku Lilongwe ndipo mpingo wa kumeneko ukufuna kalata yotsimikiza kuti anabatizidwa.

Kale mbusa akachoka, wachoka. Kalata inkayenda masabata, pa sitima kapena pa basi, ndipo pofika yankho mitima inali itazizira. Lero mbusa amachoka thupi lokha, foni imatsala. Amakhalabe pa gulu la WhatsApp la mpingo. Madzulo alionse pali wina womuuza zimene watsopanoyu walalikira, amene wamuchotsa pa komiti, mtundu wa penti umene wasankha. Iye naye, poti ndi munthu, amayankha kuti, “Aaa, ife sitinkatero.” Mawu atatu okhawo m'mawa mwake amakhala atazungulira mpingo wonse. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ngakhale winayo akulirira pa foni. Mbusa wanzeru amatsanzika pagulu paja n'kutulukapo tsiku lomwe lole yanyamuka, ndipo womuimbira kudzaneneza mnzake amamuuza mwaulemu kuti nkhaniyo apite nayo ku sesoni. N'zowawa, chifukwa ena mwa oimbawo ndi anthu amene anadya nawo mbale imodzi zaka zambiri. Ubwenzi upitirire, afunsane za ana ndi za mvula. Za mpingo zokha ndizo azisiye.

Povuta kwambiri ndi pa maliro ndi pa ukwati. Banja limati gogoyu ankakondana ndi abusa akale, abwere adzamuike ndiwo. Pempho lotere silichokera mu mtima woipa, ndipo sindiona cholakwa kuti mbusa wakale abwere. Koma abwere ngati mlendo, kudzera kwa mnzake amene ali pamalopo, apatsidwe pemphero kapena mawu ochepa, mwambo atsogolere mwini mpingo. Chifukwa chake n'chakuti munthu sasanduka mbusa wa anthu pa tsiku lomulandira ndi nyimbo ndi nthungululu. Amasanduka mbusa wawo pamene wagona nawo pasiwa, wayenda nawo kumanda dzuwa lili pamutu, waona misozi yawo. Mukamulanda maliro atatu oyamba, mwamusiya pakhonde, ndipo mawa mudzadandaula nokha kuti abusawa ndi ouma mtima.

Mbusa aliyense amakhala ndi anthu amene anamuyandikira, onyamula chikwama, odziwa khomo la kukhitchini. Amakhalanso ndi amene anawakhumudwitsa: wodulidwa amene amaona kuti mlandu wake sunaweruzidwe bwino, mkulu amene anagonja pa chisankho, wakwaya amene analandidwa kiyibodi. Pa kusintha, oyamba aja amaopa kutaya mpando, achiwiriwa amaona kuti nthawi yawo yakwana. Magulu onse awiri amathamangira kumansi sabata yoyamba, wina ndi nkhuku, wina ndi batala wamkulu wongovuulidwa kumene. Abusa atsopano, landirani ndi manja awiri, koma dziwani kuti nsomba ina imabwera mbedza ili m'kati. Amene akukuuzani mbiri yonse ya mpingo musanamasule n'komwe katundu, akukuuzani mbiri ya mbali yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi yoyamba ndi yoyendera nyumba zopemphereramo zonse, mpaka yakutali ija yofika ndi njinga, n'kumva kwa nkhalamba zimene sizibwera kumansi. Zosintha nthawi ya mapemphero ndi makomiti zidikire.

Nawonso mpingo usamange mlendo manja ndi mawu oti kuno timatere. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Akhoza kuona zimene inu munasiya kuziona, monga achinyamata amene amathera Lamulungu padoko kapena pa mpira chifukwa m'tchalitchi mulibe chawo, kapena nyumba yopemphereramo imene yakula moti ikuyenera kuima payokha.

Pali nkhani ya chiyankhulo imene ku Chintheche siingalambalalidwe. Sinodi imatenga abusa kuchokera ku Mzimba, Rumphi, Karonga, Chitipa ndi kwina, ndipo wotumizidwa kunyanja akhoza kukhala wosadziwa Chitonga. Anthu amamva Chitumbuka ndi Chichewa, inde, koma Atonga amanyadira chiyankhulo chawo, ali ndi Baibulo lawo la Mazu ghaku Chiuta, ndipo gogo amene ali pa mphasa akudwala amafuna pemphero m'mawu amene anayamwira. Mbusa amene amayesetsa, ngakhale akupotoza malilime, amagula mitima msanga kuposa wodziwa Chigiriki. Mpingo umuthandize, usamuseke kumbali. Chimodzimodzi ndi kondowole. Munthu wokulira nsima ya chimanga m'patseni nthawi, mimba siisamuka tsiku limodzi ndi katundu.

Tikamakamba za kuchoka kwa abusa timaiwala kuti amachoka ndi banja. Mayi busa nthawi zambiri ndiwo amakhala patsogolo pa amayi a Umanyano, monga zilili ndi a Mvano ku Blantyre ndi a Chigwirizano ku Nkhoma. Amayiwa ndiwo ambiri m'tchalitchi, ndiwo amaphika pa maliro, ndiwo amadziwa khomo limene lagona ndi njala. Kusintha kumawagwera iwo kwambiri, koma pa zokambirana za kusamuka safunsidwa kawirikawiri. Mayi busa watsopano amafika n'kupeza akumuyeza ndi mnzake pa chilichonse, kaimbidwe, kavalidwe, ngakhale kasesedwe ka pabwalo. Masiku ano kulinso abusa aakazi ndi abusa amene akazi awo ali pa ntchito kwina, ndiye Umanyano umene unazolowera kudikira mayi wa kumansi uyenera kuphunzira kuyenda ndi atsogoleri ake. Ana nawo amachotsedwa pasukulu pakati pa chaka. Ndipo pali kankhani kamene kamaoneka kakang'ono koma kadanitsa anthu: munda. Chinangwa sichikhwima miyezi itatu. Abusa akale anabzala, akuchoka chisanakhwime, atsopano akufuna polima. Adzakumbe ndani? Sesoni igamule lole isanabwere, ilembe m'buku.

Za mphatso zotsanzikana ndinene mosabisa. Kuthokoza munthu amene wakutumikirani n'kwabwino, ndipo abusa ambiri a kumudzi amachoka opanda kanthu. Koma zafika poti nyumba yopemphereramo iliyonse imapatsidwa mlingo, gulu lililonse mlingo, ndipo mayi wamasiye wogulitsa usipa amalembedwa dzina ngati wangongole. Pakangotha masabata awiri, msonkhamsonkha wina wolandirira atsopano, kuwonjezapo mtengo wa lole. Mipingo imapikisana kuti imveke kuti inapereka firiji kapena njinga yamoto. Chodabwitsa n'chakuti mpingo womwewo mwina uli ndi ngongole ya malipiro a abusawo ya miyezi ingapo. Bwezani kaye ngongoleyo. Chotsalacho aliyense apereke monga mtima wake wafunira, popanda kuwerenga mayina kutsogolo.

Akuluakulu a kumalikulu nawo ali ndi mbali yawo. Tawerengapo m'nyuzipepala za akhristu otseka tchalitchi ndi loko pokana mbusa, ena mpaka kukatenga chiletso kukhothi. Khalidwe limeneli ndi lochititsa manyazi, koma kawirikawiri limamera pamene anthu aona kuti kusamutsa kwasanduka chikwapu. Mbusa akayankhula zosakomera akuluakulu pa msonkhano, chaka chomwecho amapezeka ali ku mpingo wakutali. Anthu si ana, amaona. Ndipo taganizirani chipongwe chake kwa mpingo wakutaliwo, kuuzidwa mosatchula kuti inu ndinu ndende yotumizako olakwa. Mipingo ya kumudzi imayeneranso kulandira abusa aluso, otumizidwa chifukwa cha luso lawolo. Ngati pali mlandu, uweruzidwe ngati mlandu. Kusamutsa munthu amene wasokoneza ndalama kapena mabanja popanda kuuza kumene akupita n'kusamutsa matenda. Ngati pali dandaulo la mbusa, limvedwe likadali utsi. Za ku Sanga zija zinayamba ndi munthu waluso amene ankaona kuti sakumvedwa.

M'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 20, muli kutsanzikana kumene anthu a kunyanja angakumve bwino, chifukwa kunachitikira pafupi ndi doko. Paulo ali ku Mileto anaitanitsa akulu a mpingo wa ku Efeso. Anawakumbutsa mmene anakhalira pakati pawo, anawauza poyera kuti sanasirire chuma cha munthu ndipo anadzigwirira ntchito ndi manja ake, anawachenjeza kuti mavuto ena adzachokera pakati pa iwo eni, n'kuwasiyira nkhosa. Analira onse, anamuperekeza ku ngalawa. Kulira sikunaletsedwe, ndipo mpingo umene ukulira mbusa wake usauzidwe kuti ukuchimwa. Chimene ndimaonapo ine n'chakuti Paulo sanasiye ntchito m'manja mwa munthu mmodzi womukonda. Anaitana akulu onse, ndipo nkhani ya ndalama anaitchula yekha asanafunsidwe. Ku Korinto, kumene anthu anagawikana ena kutsata Paulo ena Apolo, iye yemweyo anawadzudzula, osakondwera kuti ali ndi gulu lomutchula dzina.

Tsono mpingo umene walandira kalata uchite chiyani pa masabata amene atsala? Phwando lili apo, koma tsiku lofunika kwambiri ndi lopatsirana katundu, ndipo lisachitike usiku lole ikulira panja. Pakhale mbusa wochoka, mlembi wa sesoni, msungichuma, mtsogoleri wa amayi, wa achinyamata, ndi nthumwi ya presibitale ngati mboni. Ngati wolowa wafika kale, akhalepo. Mabuku onse aikidwe patebulo. Ngongole zitchulidwe, za mpingo kwa anthu ndi za anthu kwa mpingo, pamodzi ndi malonjezo amene abusa anapereka pakamwa, monga kwa mmisiri amene anauzidwa kuti adzalipidwa akakolola mpunga. Matumba a simenti ndi malata awerengedwe. Mipando ya kumansi isiyanitsidwe, iyi ya mpingo, iyi ya banja, kuti pasadzakhale wonena kuti abusa anapita ndi matiresi athu. Mapepala a malo aonedwe kuti ali m'dzina la yani. Manambala a ana a mpingo amene ali kunja ndi a abwenzi ena othandiza alembedwe m'buku la sesoni, ndipo anthuwo auzidwe ndi abusa eni ake kuti kuyambira lero azilumikizana ndi mlembi. Milandu imene ili pakati isasiyidwe m'malere: womalizidwa umalizidwe, wotsala ulembedwe bwino kuti wobwerayo asayambire kumva kwa oneneza. Zonsezi ziwerengedwe m'tchalitchi Lamulungu lotsatira, onse akumva.

Pomaliza awerenge makiyi, limodzilimodzi, aliyense akuyesedwa pa loko wake: a tchalitchi, a ofesi, a mansi, a chipinda chosungira simenti. Asaiwale kakiyi ka kabati ya ziwiya za mgonero, chifukwa kameneko ndi kamene kamakonda kupezeka m'thumba la jekete abusa atafika kale ku Karonga.